Mphete Yotsala M'kambale

Pakhomo la chipinda chimene ndimagwiramo ntchito pali kambale kapulasitiki kobiriwira, kong'aluka m'mphepete, koti ngakhale mphaka akhoza kukana kudyeramo. Kambale kameneka ndi kamene kanayamba kundisokonezera ukwati.

Ntchito yanga ndi yoweta kuwala. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ndi mmene zilili. Timatenga kachidutswa ka galasi kochepa ngati chikhadabo, n'kusemamo tinjira tating'onoting'ono toti tsitsi limodzi likhoza kuphimba tambirimbiri. Kenako timalowetsamo kuwala kwa makina a leza, kuja kowongoka ngati ulusi wokoka. Chimene timafuna n'chakuti kuwalako kuyende m'kanjirako, kukhote pamene tafuna kuti kukhote, osatayikira m'mbali. Akuluakulu amati tsiku lina tigalasi totere tidzanyamula mauthenga a m'mafoni ndi kupima magazi a odwala. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti kuwala n'kouma mutu kuposa mbuzi.

Komanso sikuseka ndi munthu. Kukagunda chinthu chonyezimira n'kunjanja kulowa m'diso, diso limenelo latha basi. N'chifukwa chake wotchi, ndolo ndi mphete zimatsala m'kambale kaja, mafoni amatsala pa shelefu, chitseko timakiya mkati, magetsi timazimitsa, ndipo panja pamayaka nyali yofiira yoletsa aliyense kulowa. Lamulo lina ndi lakuti munthu sagwira yekha makinawo. Timayenera kukhala awiri, kuti wina akavulala mnzake azimitse msanga. Ololedwa kuwagwira tilipo awiri okha, ine ndi mnzanga wina amene tonse timamutchula Mandevu, chifukwa ndevu zake zimasowa chophimba chokwana.

Tsopano tangoganizani mmene zonsezi zimaonekera kwa munthu wongobwera. Mkazi wotomeredwa wavula mphete, wasiya foni panja, wadzikiyira mumdima ndi mwamuna wandevu, ndipo payaka nyali yofiira.

Wongobwera ameneyo anali mlamu wanga, mlongo wake wa bwenzi langa, amene kwawo komweko anamupatsa dzina lakuti Wailesi. Anabwera masana osandiuza, atanyamula tinsalu toti ndisankhepo ta madiresi a operekeza ukwati. Mlonda anamulowetsa m'chipinda chodikirira, momwe muli mipando, shelefu ndi kambale kaja. Tsoka lake, tsiku limenelo ndi limene kuwala kunakhota koyamba m'kagalasi kathu, titavutika nako miyezi yambiri. Tinatuluka tikuseka ngati ana, thukuta lili kamukamu, nkhope zili ndi mizere ya magalasi oteteza maso. Wailesi anandipatsa moni wabwinobwino, anandionetsa tinsalu tija, ndipo anatsanzika mwaulemu woposa masiku onse. Ndikanakhala wochenjera ndikanadabwa ndi ulemu umenewo.

* * *

Madzulo ndinapita ku situdiyo ya bwenzi langa. Iyeyu ndi wojambula zithunzi za maukwati, ndipo Loweruka lililonse amakhala akuuza akwatibwi a eni ake kuti amwetulire. Ndinamupeza pa kompyuta akuchotsa tiziphuphu pankhope ya mkwatibwi wina. Sanadzuke kudzandilandira monga amachitira. Anangondikankhira foni yake patebulo.

Panali chithunzi chimene Wailesi anatumiza pa gulu la pa foni la banja lawo. Mphete yanga inali m'kambale, itazunguliridwa ndi lamba wa wotchi ya Mandevu, ndipo kumbuyo kunkaoneka chitseko chotseka ndi nyali yofiira ija. Wailesi analemba pansi pake kuti iye sakunena kanthu, akungoonetsa zimene waona. Kenako anawonjezera kuti Namwino ankagwira ntchito ndi madokotala aamuna tsiku lililonse koma sanamvepo kuti wadzitsekera nawo.

Namwino ameneyu ndi mnzake wapamtima wa Wailesi, ndiponso ndi amene anali pachibwenzi ndi Wojambula wanga ine ndisanabwere. Banja lonse linkamukonda, mpaka pano dzina lake limatuluka patebulo ngati mchere. Wojambula anandiuza kalekale kuti zinali zachibwana, zinatha zisanapite patali, ndipo ine ndinasiya kufunsa.

Pansi pa zonsezo panali uthenga umodzi wa amayi ake, waufupi. Anati tsiku limene mabanja athu anayenera kukumana kuti akambirane za ukwati liyambe laima.

Mtima wanga unawawa, sindibisa. Ndinamufunsa ngati iyenso akukhulupirira zimenezo. Anati ayi, amandidziwa, ndipo ntchito yanga ndinamufotokozera kale. Koma poyankhapo maso ake anali pa mkwatibwi wa pa kompyuta uja. Anayamba kuzungulira, kuti amayi ndi munthu wamkulu, kuti kuthamanga kwa magazi kumawavuta, kuti nkhani zikafika kwa azakhali zimakula. Pomaliza anatulutsa chimene chinali kumtima kwake.

"Bwanji upemphe abwana ako akuike kaye ku ofesi, uzilemba malipoti, mpaka ukwati udutse? Ukatero amayi mtima ukhala m'malo."

"Ukwati ukadutsa ndidzabwerere mumdima muja, iwo adzati chiyani?"

"Tidzaona nthawi yomweyo."

"Ayi, tione pano. Kagalasi kaja ndakavutikira, lero kayamba kugwira ntchito, ndiye ndikasiye chifukwa cha chithunzi cha Wailesi? Ntchito sindisiya, ndipo iwenso sindikusiya. Amayi ako ndikalankhula nawo ndekha."

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndikupita kukakoka mkango mchira. Anandigwira dzanja n'kuyamba kuseweretsa mphete ija ndi chala chake, monga amachitira akafuna kuti nkhani ithe. Mpheteyo inali yokulirapo pang'ono kuyambira tsiku limene anandiveka, moti ndinaikulunga kaulusi koyera kunsi kwake kuti isamavuke. Sindinamuuze poopa kumukhumudwitsa, ndipo munthu amene amaona kachiphuphu pankhope ya mkazi wa mwini wake anali asanaonepo kaulusiko.

* * *

M'mawa mwake ndinafika ku labotale nkhope ili ndwii. Usiku ndinali nditachiyang'anitsitsa chithunzi chija, chimene Wojambula ananditumizira, ndipo chinthu china sichinandikomere. Wotchi ya Mandevu sinangoponyedwa m'kambale ayi. Lamba wake anali womanga bwinobwino, mphete yanga ili pakati penipeni ngati dzira m'chisa.

Ndinamufunsa tisanalowe mkati. Poyamba anati kambale n'kamodzi, aika kuti wotchi yake, m'kamwa? Nditamuyang'ana osaseka anakanda ndevu zija n'kuvomera kuti amachita zimenezo tsiku lililonse, kuti mphete yanga isagubuduke. Mphete imagubuduka bwanji m'mbale, zimenezo sanafotokoze.

"Dokotala," anatero, poti ndi mmene amandiitanira akafuna kundiputa, "mwamuna amene sangathe kukuimirira pamaso pa amayi ake adzakuimirira pamaso pa ndani? Ndikanakhala ine, chithunzi chimenecho chikanathera pa foni ya mlongo wanga."

"Koma si iwe. Kuyambira lero wotchi yako uziika m'thumba la jekete."

Anaseka, koma anaiika m'thumba. Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti funso lake linali ndi mano. Tsiku lonse tinagwira ntchito mapewa atagundana mumdima bii, iye akupotokola tizitsulo tosunthira kagalasi, ine ndikuyang'ana pa sikirini, osalankhulana china choposa "kumanzere pang'ono" ndi "wapitirira". Masana ndinakagogoda kwa mkulu wa labotale, mayi wosakonda nkhani zambiri, n'kumupempha chilolezo chobweretsa mlendo. Anandifunsa ngati mlendoyo ndi wasayansi. Ndinati ndi apongozi. Anavula magalasi ake, anandiyang'ana kanthawi, kenako anati mkati alowe mlendo mmodzi yekha, makina tiwachepetse mphamvu, ndipo malamulo onse atsatidwe ngakhale mlendoyo akhale mfumukazi.

* * *

Amayi a Wojambula ali ndi sitolo ya nsalu, yopapatiza, yodzaza mpaka kudenga, yonunkhira utoto wa nsalu zatsopano. Ndinawapeza akuyeza nsalu ya makatani pa ndodo yawo yoyezera. Anandiloza mpando ndi chibwano n'kupitiriza kuyeza. Anadula, anapinda, anakulunga, anatsanzikana ndi kasitomala mpaka kumufunsa za ana ake onse mmodzimmodzi. Ine ndinakhala duu, chikwama chili pamiyendo. Ndinali nditalumbira kuti ngakhale anditsekere m'sitolomo sindichoka.

Atatha anakhala moyang'anana nane. Amayiwa ndi amasiye, ndipo mphete yawo yaukwati inalowerera m'chala moti mnofu unatukumuka mbali zonse ziwiri. Anaigogoda pa kauntala kuti ndiione bwino. Anandiuza kuti chivalireni mpheteyo sinachokepo pachala, pochapa, pobereka ana, ngakhale tsiku limene anaika maliro a amuna awo. Ankalankhula motsitsa mawu, akunditchula "inu" ngati mlendo wodzagula nsalu.

Ndinafotokoza za kuwala konjanja, za maso, za lamulo la anthu awiri. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Zimenezo n'zimene mwana wanga wandiuza kale," anatero. "Inu mwaphunzira, mawu simungasowe. Koma ine nsalu sindigula pongomva kuti ndi yabwino."

"N'chifukwa chake ndabwera, amayi. Bwerani mudzaigwire nokha. Mudzalowe m'chipindamo, chitseko tikiye, magetsi tizimitse, muone chimene timachita. Mukadzatuluka n'kunena kuti n'zosayenera mkazi wa mwana wanu, ndidzamva."

"Mudzasiya ntchitoyo?"

"Ayi. Ndidzamva kuti mwakana mutaona."

Ndinaona kukamwa kwawo kukugwedera pang'ono, kaya kunali kupsa mtima kaya kuseka, sindikudziwa. Anaimirira, anabwezera mpukutu wa nsalu pa shelefu, ndipo ali chofulatira anati abwera Lachisanu masana, akadzaone mdima umene ukuvulitsa anthu mphetewo.

* * *

Lachisanu anabwera atatu. Wojambula anawayendetsa pa galimoto, ndipo Wailesi anadziitana yekha, ati kudzathandiza amayi pa masitepe, pamene labotale yathu ilibe sitepe ngakhale imodzi. Amayi anavala ngati akupita ku ukwati, ndolo zikuluzikulu, mkanda, wotchi yagolide, ndi kachitsulo konyezimira pachifuwa. Ndinawaonetsa kambale kaja.

Anavula chimodzichimodzi osadandaula, kambale mpaka kudzaza. Ine ndinavula mphete yanga pamaso pawo n'kuiika pamwamba. Kenako maso a tonse anapita pa chala chawo. Ndinali nditaiwaliratu za mphete imeneyo, ine amene ndinakhala tsiku lonse ndikukonzekera ulendowu. Amayi anapinda dzanja lawo n'kuliika pachifuwa, ndipo anati ngati ndi choncho abwerera pomwepo.

Apa ndi pamene Mandevu anatulukira, akumwetulira ngati mnyamata wa kwaya. Anatsegula kabati, anatulutsa tepi yakuda, n'kunena mokoma kuti amayi asadandaule, alendo amene safuna kuvula mphete amangowamata tepi, kuwala sikunjanja pa chinthu chakuda. Anawakulunga chala mwaulemu wonse. Wailesi anayang'ana mchimwene wake, mchimwene wake anayang'ana pansi, ndipo amayi anayang'ana ine, kenako mphete yanga m'kambale. Mandevu uja ndikanatha ndikanamumata tepi yomweyo pakamwa.

Ndinawaveka chovala choyera, chipewa chophimba tsitsi, magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Ndinawachenjeza kuti asatsamire tebulo la mkatimo, chifukwa limayandama pa mpweya kuti lisamve kugwedera kwa pansi, ndipo munthu akalikhudza ntchito ya tsiku lonse imasokonekera. Tinalowa atatu, ndinakiya chitseko, Mandevu anazimitsa magetsi.

Mumdimamo ndinamva dzanja lawo likufufuza mkono wanga n'kuugwira zolimba. Ndinawatsogolera pang'onopang'ono mpaka pa sikirini. Ndinawauza kuti kagalasi kali apo pansi pa makina okulitsira zinthu, ndipo zimene azione pa sikirinipo n'zazing'ono kuposa fumbi la pa nsalu zawo. Poyamba panalibe kanthu, timizere totuwa basi. Mandevu anayamba kupotokola tizitsulo tija, ine ndikumuuza kumanzere, kumwamba, bwerera pang'ono. Zinatenga nthawi, moti amayi anafunsa ngati tsiku lililonse timangokhalira kumanzere ndi kumanja komweku. Ndinati inde, nthawi zina sabata yathunthu.

Kenako kuwala kunalowa. Kamzere kofiira kanayaka kuchokera m'mphepete mwa sikirini, kanayenda mowongoka, kanafika pa ngodya, kanakhota bwinobwino osatayika, n'kukatulukira mbali ina. Ndakaonapo kambirimbiri tsopano, koma mtima umadumphabe. Dzanja la amayi linandifinya.

Anafunsa kuti kuwala kukudziwa bwanji pokhotera. Ndinati sikudziwa, timakusemera kanjira kosalala kwambiri moti kumaona kuti kutsatira n'kosavuta kusiyana ndi kuthawa. Kanjirako kakakhala ndi kokanda ngakhale kochepa bwanji, kuwala kumakapeza n'kutulukira pomwepo. Anati zili ngati ulusi pa nsalu yoterera, ukalakwitsa kamodzi msoko wonse umaonekera. Anapempha kuti tizimitse n'kuyatsanso, aone kachiwiri. Tinatero. Anapemphanso kachitatu, ndipo ulendo uno ndi iwo amene ankauza Mandevu kuti wapitirira.

* * *

Titatuluka anakhala pampando, anavula chipewa, n'kupempha madzi. Wailesi anathamangira kuwafunsa kuti aona zotani. Anamuyankha kuti aona anthu awiri akugwira ntchito yotopetsa m'chipinda chozizira, ndipo munthu amene angachite zachibwenzi atavala chithumba chotere ndi magalasi a owotcherera zitsulo ndiye kuti ndi wolimba mtima. Wojambula anaseka mokweza kuposa mmene nthabwalayo inkafunikira.

Koma amayi anali asanamalize. Anakweza chala chawo chokulungidwa tepi chija.

"Funso langa ndi limodzi. Ngati tepi ilipo, iwe umavuliranji yako?"

Aka kanali koyamba kunditchula "iwe". Ndinaona kuti bodza lililonse pamenepa liwononga zonse, choncho ndinanena zoona. Ndinati mpheteyo ndi yaikulu. Masiku oyamba ndinkaimata tepi, koma tsiku lina povula golovesi inavukira limodzi, inagwera patebulo n'kuphwanya kagalasi kamene tinakasema mwezi wathunthu. Kuyambira pamenepo ndimaisiya panja. Ndinati sindinamuuze mwana wawo chifukwa anaigula ndi mtima wake wonse, ndipo sindinafune kuti aziona ngati analakwitsa.

Amayi anatola mpheteyo m'kambale, anaitembenuza, n'kuona kaulusi kaja. Anapukusa mutu n'kudzudzula mwana wawo kuti wakulira m'sitolo yoyeza zinthu koma walephera kuyeza chala chimodzi. Anati nkhani yaing'ono ngati imeneyi yawayendetsa mtunda chonsecho wosula mphete akhoza kuichepetsa tsiku limodzi, ndipo aipititsa okha mawa lomwe. Za tsiku la mabanja anati liikidwenso, auza azakhali madzulo omwewo. Wailesi anayamba kufufuza china chake m'chikwama chake.

Anamasula kaulusi kaja ndi zikhadabo, n'kuyang'ana mkati mwa mpheteyo kufuna nambala ya saizi, kuti akamuuze wosulayo. Anaisendeza kutali, anaibweretsa pafupi, anati maso awo akana. Ine pokondwa, ndiponso pofuna kudzionetsa pang'ono, ndinati asavutike, kuona tinthu tating'ono ndiye ntchito yathu. M'chipinda chodikiriracho muli makina ena okulitsira zinthu amene timayang'anira tigalasi tisanalowe nato mkati, olumikizidwa ku sikirini yaikulu ya pakhoma. Wojambula anati tisachedwetse amayi, wosulayo akayeza yekha. Sindinamumvere.

Ndinaika mpheteyo pansi pa makinawo. Pa sikirini panaoneka mkati mwake, mosalala, mowala, mopanda nambala iliyonse. Munthu wina aliyense akanaichotsa pomwepo. Koma manja anga anazolowera. Chinthu chikaoneka chosalala kwambiri sitichikhulupirira, timapendeketsa nyali kuti kuwala kubwere cham'mbali, kukwawe pamwamba pake, chifukwa kukatero kokanda kalikonse kamachita mthunzi. Ndinapendeketsa nyaliyo osaganiza n'komwe, monga ndimachitira tsiku lililonse.

Zilembo zinatuluka pakhoma, zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani. Zinali zitapalidwa n'kupukutidwa mosamala, moti chala sichikanazimva ndipo diso silikanaziona, koma timaenje take tinatsala. Panali dzina la Wojambula, kamtima pakati, kenako dzina la mkazi. Silinali langa.

Wailesi ndi amene analiwerenga mokweza, mosaganiza, kenako anadzigwira pakamwa. Linali dzina la Namwino.

Mandevu, amene ndinkayembekeza kuti amwetulira, anatembenuka n'kuyamba kukonza mabokosi a magolovesi amene anali okonzeka kale. Amayi anaimirira pang'onopang'ono, anayandikira sikirini ija, anayang'anitsitsa monga anayang'anira kamzere kofiira kaja. Atatembenuka sanayang'ane ine, anayang'ana mwana wawo.

"Unandiuza kuti mphete imene anakubwezera mtsikana uja unaigulitsa."

"Amayi, ndikufotokozerani kunyumba."

"Ufotokozere uyu. Ine ndavala chithumba, ndalowa mumdima kudzafufuza mwana wa eni ake, chonsecho wofunika kumufufuza ndabwera naye pa galimoto."

Wojambula anabwera kwa ine manja ali m'mwamba ngati woyimitsa basi. Anati inali nthawi yovuta, situdiyo inali itangotsegulidwa, mphete ndi chitsulo chabe, chofunika ndi mtima. Anati wosula anamulonjeza kuti palibe adzaone. Mawu ankatuluka ambiri, koma ine m'mutu mwanga munkangozungulira chinthu chimodzi. Munthuyu anandiuza kuti za Namwino zinali zachibwana, sizinapite patali. Tsono zachibwana zimafika polembetsa maina m'mphete? Miyezi yonseyi ndakhala ndikukulunga ulusi kuti chala changa chikwane m'malo a mkazi wina, ndikumubisira kuti asakhumudwe.

Ndimamukonda, ndipo pamene ndinaima paja ndinkamukondabe, n'chifukwa chake zinawawa chomwecho. Misozi inafika m'maso koma ndinaikaniza. Ndinali nditalimbana ndi amayi ake, mlongo wake ndi Mandevu kuti ukwatiwu uchitike, ndipo ndinapambana. Sindinadziwe kuti wotsala kulimbana naye ndi mwini wakeyo.

Amayi anamatula tepi ija pachala chawo, anavala ndolo zawo, mkanda, wotchi ndi kachitsulo kaja. Atafika pakhomo anabwerera, anandigwira phewa, n'kunena motsitsa kuti tsiku la mabanja aliika m'manja mwanga, ndikafuna ndiwauze, ndikapanda kufuna sadzandiimba mlandu. Kenako anauza Wailesi kuti ajambule sikiriniyo aitumize pa gulu lomwe lija, poti amakonda kuonetsa zimene waona.

Ndinachotsa mpheteyo pansi pa makina. Wojambula anatambasula dzanja, kaya kuti ailandire kaya kuti andivekenso. Ndinamulambalala n'kukaiika m'kambale kobiriwira kaja, momwe tsopano munalibe china chilichonse.

"Ikhala momwemo," ndinamuuza. "Ukadzakhala wokonzeka kundiuza nkhani yonse ya Namwino, kuyambira pachiyambi, osapala kanthu, udzandipeza. Panopa ndili ndi ntchito."

Ndinavala magalasi anga, ndinauza Mandevu kuti tikapitirize pamene tinasiyira, ndipo ndinamuchenjeza kuti akangotsegula pakamwa pa nkhani imeneyi ndikamunenera kwa abwana. Tinalowa. Pokoka chitseko ndinaona Wojambula ataima pakati pa chipinda chodikirira, foni yake ikulira m'thumba mosalekeza, iye maso ali pa kambale. Ndinakiya, ndipo kunja nyali yofiira inayaka.